Nambala ya 30 ndi mayi yemwe anaikayikira: zaka 50 zofufuza chomwe chimatchinga amayi pa ndale

Mu Sepitembala 1997 atsogoleri a mayiko a SADC anakumana mumzinda wa Blantyre n'kusaina chikalata cholonjeza kuti pofika 2005, pa mipando 100 iliyonse ya ndale ndi ya maudindo akuluakulu, 30 idzakhala ya amayi. Nambala imeneyi sinabadwire ku Blantyre. Nthambi ya United Nations yoona za chuma ndi umoyo wa anthu inali itaitchula kale mu 1990, ndipo msonkhano waukulu wa amayi wa ku Beijing mu 1995 unaibwereza. Kuyambira pamenepo ili pakamwa pa nduna, mabungwe ndi atolankhani. Mukafunsa kuti bwanji 30, osati 25 kapena 40, amati akatswiri anafufuza n'kupeza kuti amayi akafika pamenepo m'Nyumba ya Malamulo, zinthu zimatembenuka. Dzina lomwe limatchulidwa kawirikawiri ndi la Pulofesa Drude Dahlerup a ku Denmark. Koma mukawerenga zomwe mayiwa analemba mu 1988, mupeza kuti nambalayo ankaikayikira.

Kwa zaka pafupifupi 50, a Dahlerup ndi anzawo akhala akulimbana ndi funso limodzi looneka lophweka: ngati amayi ali theka la ovota, amachepa bwanji chonchi pomwe pakupangidwa malamulo? Pa misonkhano yathu timakonda kuyankha kuti amayi ndi amantha, kapena kuti amayi savoterana. Zomwe ofufuza akhala akupeza mobwerezabwereza, kuchokera ku Stockholm mpaka ku Zomba, zikuloza kwina: pa chipata cha chipani, ndi pa malamulo a kavotedwe.

A Dahlerup anabadwa mu 1945 ndipo anaphunzira za ndale pa yunivesite ya Aarhus, komwenso anadzakhala mphunzitsi. M'zaka za m'ma 1970 anali m'gulu la Rødstrømperne, gulu la amayi achitsikana lomwe linagwedeza Denmark pa nkhani za malipiro ofanana, ufulu wa mayi pa thupi lake, ndi kagawidwe ka ntchito zapakhomo. Choncho m'kafukufukuyu analowamo ali ndi mbali yawo, ndipo sanabisepo zimenezo. Patapita zaka analemba mbiri ya gulu lomwelo m'mabuku awiri omwe anatuluka mu 1998, chaka chomwe anasamukira ku yunivesite ya Stockholm ku Sweden kukakhala pulofesa.

Pomwe ankayamba, maphunziro a ndale ankanena za amuna basi. Mfalansa wina, Maurice Duverger, anali atachitira bungwe la UNESCO kafukufuku m'mayiko anayi a ku Ulaya mu 1955, n'kuona zinthu ziwiri zomwe zidakalipo mpaka lero: udindo ukamakula amayi amacheperachepera, ndipo ambiri amagwera posankha woimira chipani, tsiku lovota lisanafike n'komwe. Koma kwa zaka pafupifupi 20 panalibe ambiri oti apitirize pomwe iye analekezera.

Ntchito yoyamba ya m'badwo wa a Dahlerup inali yonyozeka m'maso mwa anzawo: kuwerenga mitu. Munthu amakhala m'chipinda chosungiramo zikalata zakale, patsogolo pake pali mindandanda ya omwe anapikisana pa zisankho za makhansala zaka 40 zapitazo. Palibe pomwe palembedwa kuti uyu ndi mwamuna, uyu ndi mkazi. Ayenera kuzindikira yekha pa dzina. Akapeza dzina la mayi amalemba chipani chake, dera lake, nambala yomwe anamuika pa mndandanda, ngati anapambana, ndiponso ngati anaimanso ulendo wotsatira. Mizere ikafika masauzande m'pamene zimayamba kuoneka kuti mayina a amayi aunjikana kumunsi kwa mndandanda, kapena m'madera omwe chipanicho sichinapambanepo chiyambire. Lero bungwe la nyumba za malamulo za mayiko osiyanasiyana la Inter-Parliamentary Union limatulutsa ziwerengero za dziko lililonse pa intaneti, ndipo aliyense atha kuona kuti mu 1995 amayi anali 11 pa aphungu 100 aliwonse padziko lonse, pomwe pofika 2025 anali pafupifupi 27. Koma ziwerengero zimenezi zimangoonetsa omwe anafika. Omwe anatsala panjira saoneka, ndipo wofufuza weniweni amasaka amenewo.

Atawerenga, panadzuka funso lina: mayi akakhala pampando, ndiye kuti amayi aimiridwa? Hanna Pitkin wa ku America anali atasiyanitsa kale mu 1967 phungu wofanana ndi anthu ake ndi phungu wowagwirira ntchito anthu akewo. Munthu atha kukhala mayi koma osatsegulapo pakamwa pa za amayi omwe akumwalira pobereka, pomwe mwamuna wina akuimenyera nkhondo nkhaniyo. Anne Phillips wa ku Britain anadzayankha mu 1995 kuti n'zoona, koma nkhani zambiri zimabuka Nyumba itakhala kale, zosalembedwa m'manifesito a chipani chilichonse, ndipo zikatero zimadalira kuti m'chipindamo muli ndani komanso wadutsa m'zotani pa moyo wake. Nambala ya 30 inalowa pakati pa mkangano umenewu.

Komwe 30 inachokera

Mu 1977 Rosabeth Moss Kanter anafalitsa zomwe anaona pa kampani ina yaikulu ya ku America, komwe amayi owerengeka anali atayamba kulembedwa ntchito yotsatsa malonda pakati pa amuna ambirimbiri. Anapeza kuti gulu likachepera pa 15 mwa anthu 100, anthu ake saonedwanso aliyense payekha. Maso onse amakhala pa iwo. Mmodzi akalakwa, walakwitsira onse. Amuna amayamba kukokomeza nthabwala ndi zizolowezi zawo pofuna kuonetsa kuti malo ano ndi athu, ndipo mayiyo amamutenga ngati mayi wolera aliyense, kapena kamtsikana kosangalatsa maso, kapena munthu wouma mtima woopsa. Kanter ankaganiza kuti akafika cha m'ma 35 pa 100 amatha kugwirizana n'kuyamba kusintha khalidwe la pamalopo. Sanalembe za Nyumba ya Malamulo.

Amayi andale a ku Scandinavia ndiwo ankakonda kutchula 30, pobwereka ganizo la asayansi a nyukiliya lotchedwa critical mass: mlingo wa uranium womwe ukakwana, mphamvu yake imayamba kudzikoleza yokha. A Dahlerup anatenga chikhulupiriro chimenechi n'kuchiyesa, ndipo anali pamalo oyenera, chifukwa ku Norway, Sweden, Finland ndi Denmark amayi anali atayandikira kapena kudutsa mlingowo. Anayang'ana momwe anthu amawalandirira amayi andale, ngati amakhalitsa kapena amachoka msanga, kalankhulidwe ka m'misonkhano, mfundo zomwe zimadutsa, ndi mphamvu zenizeni zomwe amayiwo ali nazo. Kusintha anakupeza ndithu. Chomwe sanachipeze ndi malire pomwe zinthu zimatembenuka zokha. Anthu si uranium: amasankha chochita, amaopa abwana a chipani, amakhala ndi zokhumba zawo. Iwo anati chomwe chimasintha zinthu ndi zochita zapadera zomwe ngakhale ochepa angachite, zomwe zikachitika zimasintha malo a gulu lonse: phungu wamayi kukoka amayi anzake kuti aime nawo, chipani kudzimanga ndi lamulo la chiwerengero, boma kukhazikitsa lamulo kapena ofesi yoona kuti pasakhale kusiyana.

Dziko linatola nambala n'kusiya chenjezo. Mu 2006 a Dahlerup analembanso nkhani yolondola ulendo wa ganizoli, momwe anavomereza kuti ngakhale umboni wake ndi wofooka, lathandiza omenyera ufulu kupanikiza maboma ndi zipani. Ine ndimawalemekeza kwambiri pamenepa. Munthu wofunitsitsa kuti amayi achuluke pa ndale anapeza kuti mfundo yomwe anzake akumenyera nayo nkhondo yomweyo ndi yosalimba, ndipo ananena poyera. Ntchito yofufuza nkhani yomwe uli nayo mbali imafuna mtima wotere tsiku ndi tsiku, apo ayi umangokhala mneneri wa gulu lako wokhala ndi digiri.

Kwathu kuno umboni wa zomwe ankanenazo ulipo. Lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja, lomwe Mayi Joyce Banda analikankha ali nduna yoona za amayi, linadutsa mu 2006 amayi ali 14 okha pa aphungu 100 aliwonse. Lamulo la maukwati la 2015, ndi kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko mu 2017 komwe kunatseka mpata wokwatitsa mwana wosakwana zaka 18, zinachitika m'Nyumba momwe munali amayi 32 pa mipando 193. Anazikoka ndi gulu la aphungu aakazi mogwirizana ndi mabungwe, mafumu monga Inkosi Kachindamoto a ku Dedza, ndi aphungu ena aamuna. Izi sizikuyeretsa kuchepa kwa amayi. Zikungoonetsa kuti chifukwa chofunira kuti achuluke si matsenga a nambala ayi. Ndi nzika, ndipo ndi theka la dziko.

Kudikira kapena kudula njira

Atafika ku Stockholm, a Dahlerup anatembenukira ku nkhani yomwe yawatchukitsa kunja kwa makoma a yunivesite: kota, kutanthauza lamulo loika chiwerengero cha amayi chomwe chipani kapena Nyumba iyenera kukwaniritsa. Amalawi kota timaidziwa kuchokera ku kasankhidwe ka ophunzira opita ku yunivesite, ndipo ambiri ikatchulidwa amakwinya nkhope. Ndi bwino kuona kaye zomwe yachita pa ndale za mayiko ena tisanaiweruze.

Mu 2005, pamodzi ndi Lenita Freidenvall, anatsutsa chikhulupiriro choti mayiko a Scandinavia anafika pamwamba chifukwa cha kota. Amayi a ku Norway anapeza ufulu wovota mu 1913, a ku Denmark mu 1915, ndipo a ku Sweden anavota koyamba pa chisankho cha aphungu mu 1921. Zinawatengera zaka pafupifupi 60 kuti adutse 20 pa 100, ndi zaka 70 kuti afike pa 30. Lamulo la boma lokakamiza chiwerengero kunalibe. Zipani zina zinadziikira malamulo awoawo amayi atachuluka kale. Imeneyo ndi njira yoyenda pang'onopang'ono, yodikira kuti amayi aphunzire, alowe ntchito, chikhalidwe chifewe. Mayiko ena anakana kudikira zaka 70. Uganda inaika mipando yapadera ya amayi mu 1989. Argentina inalamula zipani mu 1991 kuti amayi asachepere 30 pa 100 pa mindandanda yawo. Ku South Africa chipani cha ANC chinadziikira kota pa chisankho cha 1994, ndipo amayi anadumpha kuchoka pansi pa 3 kufika pamwamba pa 25 pa 100. Mu 2003 Rwanda inalanda Sweden malo oyamba padziko lonse ndi 48.8 pa 100, mu 2008 inafika pa 56, ndipo mu 2013 inayandikira 64. Aili Mari Tripp, yemwe anakulira ku Tanzania ndipo amaphunzitsa ku Wisconsin, anaonetsa kuti mu Africa mayiko ochoka ku nkhondo ndiwo anakwera msanga, chifukwa nkhondo imasokoneza omwe anakakamira mipando, ndipo malamulo a dziko akamalembedwa mwatsopano magulu a amayi amapeza polowera.

Kuyambira 2003, a Dahlerup ndi bungwe la International IDEA anayamba kusonkhanitsa pa intaneti malamulo a kota a dziko lililonse, kuti aliyense athe kuyerekeza. Ntchito yotopetsa imeneyi ndiyo inaulula kuti kota si chinthu chimodzi. Kwina boma limapatula mipando yoti apikisanepo amayi okhaokha, monga ku Uganda, Tanzania, Rwanda, ndi ku Zimbabwe komwe malamulo a 2013 anawonjezera mipando 60. Kwina lamulo limakakamiza zipani pa chiwerengero cha omwe zikuwaimika. Kwina chipani chimangodzilonjeza chokha. Ndipo kuti iliyonse igwire ntchito zimadalira kavotedwe ka dzikolo.

Pano m'pofunika kufatsa, chifukwa ndi pamene pagona vuto lathu. Ku Mozambique, South Africa ndi Namibia wovota amasankha chipani, ndipo chipani chimalandira mipando molingana ndi mavoti ake. Chikapeza mipando 10 m'chigawo, amalowa ndi anthu 10 oyamba pa mndandanda wake. Chipani chotere chitha kusakaniza amuna ndi akazi, achinyamata ndi achikulire, popanda kuchotsa munthu wina aliyense wamphamvu, ndipo mndandanda wa amuna okhaokha umaonekera poyera kuti ndi wokondera. Ku Malawi, Zambia ndi Botswana dera lililonse limatumiza munthu mmodzi, yemwe waposa anzake mavoti. Chipani chili ndi malo amodzi okha pa dera, ndipo kuika mayi pamenepo ndiye kuti kuchotsa mwamuna wodziwika dzina, nthawi zambiri phungu yemwe alipo kale kapena yemwe amathandiza chipani ndi ndalama. Dera lililonse limanena kuti mayi timamufuna, koma aime kwina. N'chifukwa chake Mozambique ndi South Africa akhala cha pa 40 pa 100 kapena kuposerapo, pomwe Zambia ndi Botswana akhala pansi pa 20.

Ngakhale lamulo likhalepo, zipani zimadziwa kulizemba. France inakhazikitsa lamulo la theka ndi theka mu 2000, koma chilango chake pa chisankho cha aphungu chinali kungodula ndalama zomwe boma limapatsa chipani. Zipani zazikulu zinasankha kuluza ndalamazo, ndipo mu 2002 amayi anangofika pa 12 pa 100. Brazil inakhala ndi kota ya 30 kuyambira m'zaka za m'ma 1990, koma mpaka 2014 amayi anali cha pa 10, chifukwa zipani zinkalemba mayina a amayi osawapatsa ndalama kapena mpata wa kampeni. Ku Mexico mu 2009 amayi angapo atangolumbira anapempha kutula pansi udindo kuti amuna omwe anali achiwiri awo alowe. Kuika mayi kumchira kwa mndandanda kuli ngati kuitanira munthu ku ukwati n'kumukhazika komwe nsima sifika. Zomwe ofufuza anatolapo n'zomveka bwino: lamulo linene malo omwe amayi aikidwe, ndipo bungwe loyendetsa chisankho likhale ndi mphamvu yokana mndandanda wonse. Senegal inachita zimenezi mu 2010, mwamuna ndi mkazi mosinthanasinthana, ndipo mu 2012 amayi anachoka cha pa 23 kufika cha pa 43 pa 100. Mexico nayo itatseka mabowo inafika pa theka mu 2021.

Kodi zimasintha kanthu?

Otsutsa amati kota imalowetsa anthu osayenera. Akatswiri a zachuma anayi, Besley, Folke, Persson ndi Rickne, anayesa zimenezi ku Sweden, komwe chipani cha Social Democrats chinalamula mu 1993 kuti mindandanda yake izisinthanitsa mkazi ndi mwamuna. Luso la wandale aliyense analiyeza poyerekeza malipiro omwe ankapeza kunja kwa ndale ndi a anthu ofanana naye msinkhu, maphunziro, ntchito ndi dera. Zomwe anafalitsa mu 2017 n'zakuti luso la amayi silinatsike, koma la amuna linakwera, makamaka m'makhonsolo momwe lamuloli linaluma kwambiri. Omwe anataya malo anali amuna ofooka omwe atsogoleri ofooka ankawasunga kuti asapikisidwe.

Kafukufuku wolimba kwambiri anachokera ku India. Kusintha kwa malamulo a dzikolo komwe kunayamba kugwira ntchito mu 1993 kunapatula gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando ya wapampando wa khonsolo ya midzi kuti likhale la amayi, ndipo midzi yake inkasankhidwa mosinthasintha, mosayang'ana kuti ndi yolemera kapena yophunzira. Kwa wofufuza umenewu ndi mwayi wosowa. Nthawi zambiri dera likasankha mayi sitidziwa ngati chitukuko chake chabwera ndi mayiyo, kapena ngati deralo linali kale lotseguka maganizo. Koma midzi ikasankhidwa mwamaere, kusiyana komwe kungaoneke kwachokera pa mtsogoleriyo. Raghabendra Chattopadhyay ndi Esther Duflo, yemwe anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2019, anayendera midzi ya ku Birbhum ku West Bengal ndi ku Udaipur ku Rajasthan, kuwerenga mijigo, misewu ndi sukulu. Anapeza kuti komwe wapampando anali mayi ndalama zambiri zinapita ku madzi akumwa, nkhani yomwe amayi a m'midzimo ankaidandaula koposa. Kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti mudzi ukalamulidwa ndi mayi kawiri, amuna amachepetsa kuderera utsogoleri wa amayi, amayi amayamba kupambana ngakhale mpando usanapatulidwe, ndipo atsikana amakhalitsa pasukulu.

Koma si konse kunayenda chonchi, ndipo wofufuza woona mtima salumpha masamba amenewa. Lesotho inapatula mwamaere madera a makhansala mu 2005, ndipo Amanda Clayton anapeza kuti m'madera opatulidwawo chidwi cha amayi pa ndale sichinakwere, mwina chinatsika kumene, chifukwa anthu ankaona ngati awakakamiza. Ku Uganda, Sylvia Tamale wa ku Makerere anaonetsa m'buku lake la 1999 momwe mipando yapadera ingasandukire mphatso yomwe wolandira ayenera kuthokoza nayo boma mpaka kalekale. Ndime yopatsa mkazi umwini wa malo pamodzi ndi mwamuna wake, yomwe phungu Miria Matembe anaimenyera, inasowa m'lamulo la malo la 1998 amayi ali m'Nyumbamo. Ku Rwanda aphungu aakazi anayambitsa okha lamulo lothana ndi nkhanza lomwe linadutsa mu 2008, koma Nyumba yomweyo ndi yopanda mphamvu zotsutsa boma. Kuchuluka kwa amayi sikubala demokalase pomwe palibe.

Zomwe zapezeka kwathu

Mu 1994 amayi 10 okha ndiwo analowa m'Nyumba ya aphungu 177. Pofika 2004 anali 14 pa 100, mu 2009 anafika cha pa 22, mu 2014 anagwa kufika cha pa 17 pa 100 (aphungu 32 aja), ndipo mu 2019 anabwereranso cha pa 23 pa 100, chaka chomwe Mayi Catherine Gotani Hara anakhala sipikala woyamba wamkazi. Kukwera ndi kutsika kotereku ndi chizindikiro cha dziko lomwe lilibe lamulo lotchinjiriza zomwe lapeza. Malawi anasankha njira ina. Kampeni ya 50:50, yomwe inayamba pokonzekera chisankho cha 2009, inkapatsa amayi maphunziro, nsalu, matisheti ndi ndalama pang'ono, ndipo bungwe la MEC limawachepetsera ndalama zolembetsera. A Happy Kayuni a ku yunivesite ya Malawi ku Zomba ndi Ragnhild Muriaas wa ku Bergen ku Norway anaiunika njira imeneyi n'kuonetsa malire ake: imathandiza mayi payekha koma sikhudza momwe zipani zimasankhira owaimira. Kukwera kwa 2009 kunayendera limodzi ndi kupambana kwakukulu kwa DPP, yomwe inali ndi amayi ambiri pa tikiti yake. Kugwa kwa 2014 ambiri anakukankhira kwa Mayi Joyce Banda ndi Cashgate, kuiwala kuti kuno aphungu ambiri, amuna ndi akazi omwe, sabwerera akatha zaka zisanu.

Nanga ovota? Mawu oti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo tonse tinawamva. Amanda Clayton, Amanda Robinson, Martha Johnson ndi Muriaas anafuna kudziwa ngati mawu otere amafika m'kachipinda kovotera. Wofufuza amamufotokozera munthu mbiri za opikisana ongopeka: chipani, maphunziro, ntchito, banja, zomwe akulonjeza, mwamuna kapena mkazi, zonse zitasakanizidwa mwamaere, n'kumufunsa yemwe angamuvotere. Wofunsidwayo sadziwa kuti chikuyesedwa n'chiyani. Zomwe anafalitsa mu 2020 n'zakuti Amalawi sanawakane amayi, anawakonderako pang'ono. Koma atakhala pansi ndi amayi omwe anapikisanapo, anamva zomwe pepala silingaonetse: mphekesera za uhule, mafunso oti mwamuna wake ali kuti, kunyozedwa pa msonkhano pamaso pa ana ake. Wovota sadana ndi mayi, koma mayi yemwe amafika pamaso pake amakhala atadetsedwa kale. Si za kuno kokha: mu 2016 Inter-Parliamentary Union inafunsa aphungu aakazi 55 a m'mayiko 39, ndipo oposa 80 pa 100 anati anaopsezedwapo kapena kuzunzidwa m'maganizo.

Ndiye pali chisankho cha chipulula. Pa bwalo la sukulu nthumwi za m'makomiti a madera zafika pa malole omwe alipira ndi opikisana eni ake. Mkangano umayamba kuvota kusanayambe: komiti iyi ndi yeniyeni kapena yapangidwa dzulo? Nthawi zina malo asinthidwa usiku, wina wauzidwa, wina ayi. Opikisana amaima kutsogolo atafulatira, nthumwi n'kundanda pambuyo pa yemwe zikumufuna, poyera, pamaso pa yemwe anazipatsa ya sopo. Mayi yemwe alibe malole, alibe anyamata, ndipo sakhala nawo pomwe akuluakulu amapangana madzulo, waluza asanaime. Kuti mu 2014 oima paokha anatenga mipando 52 zikuonetsa momwe anthu amazikhulupirira zisankho zimenezi. Onjezanipo mtengo wa kampeni, womwe Michael Wahman anapeza kuti mu 2019 unali pafupifupi K15 miliyoni pa munthu, kuphatikizapo mabokosi a maliro ndi mafizi omwe dera limayembekezera. Nsalu ndi tisheti sizingatseke dzenje limenelo.

Mu 2017 komiti yapadera ya Law Commission younika malamulo a zisankho inapereka ganizo loti pakhale mipando 28 ya amayi, umodzi pa boma lililonse. Silinadutse. Likanatha kukweza chiwerengero nthawi yomweyo, ngakhale zomwe zinachitika ku Uganda zikutichenjeza kuti zipani zikanayamba kuuza amayi kuti mipando yanu ndi iyo, madera tisiyireni. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi linaika malire a 40 ndi 60 pa kulemba ntchito m'boma, koma silifika pa zipani.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi kachitidwe ka kafukufuku wathu. A Dahlerup anatha kunena zomwe ananena chifukwa anakhala pa funso limodzi zaka makumimakumi, ali ndi malipiro, laibulale ndi ophunzira oti apitirize. Akatswiri athu, monga a Kayuni ndi a Tiyesere Chikapa, achita zambiri, ndipo buku lomwe a Kayuni anakonza ndi Inge Amundsen mu 2016 linasonkhanitsa zofufuza za amayi pa ndale za Malawi pamalo amodzi. Koma ndalama zambiri za nkhaniyi zimabwera chisankho chikayandikira, kudzera m'mabungwe ofuna lipoti la mwezi umodzi, ndipo chisankho chikatha zimauma. Mayina a omwe anaima pa chisankho chachikulu ali ku MEC. Mayina a omwe anaonetsa chidwi ku chipani, omwe anauzidwa kuti asiyire anzawo, omwe analuza chipulula n'kubwerera kunyumba ndi ngongole, sasungidwa pamalo amodzi pomwe wofufuza angawapeze, chonsecho ndi pamenepo pomwe amayi ambiri amathera.

Pa chisankho cha 2025 madera anawonjezeka kuchoka pa 193 kufika pa 229. Madera atsopano amatsegula malo omwe palibe phungu wokhalapo kale, ndipo chifukwa chomwe zipani zimapereka nthawi zonse, choti sitingachotse yemwe alipo, chimachepa mphamvu. Wophunzira wa ku Zomba kapena ku Mzuzu atha kuyambira pamenepo: apite dera ndi dera, afunse alembi a zipani ndi nthumwi zomwe zinandanda tsiku lija, alembe kuti anafuna kuima ndani, anatsala pati, anamuuza chiyani ndipo anamuuza ndani. Achite msanga, anthu asanaiwale, ndipo adzabwererenso mu 2030 ndi mafunso omwewo.